Wodwala wa pa kompyuta nayenso ali ndi kwawo

Tina Jones ali ndi zaka 28. Amadwala shuga ndi mphumu, ndipo wabwera kuchipatala ndi bala kuphazi lomwe layamba kutukusira. Ophunzira unamwino ambirimbiri amufunsapo mafunso, kumumvetsera m'chifuwa ndi kumulembera malipoti, koma iye sachira ndipo zaka zake sizisuntha, chifukwa si munthu. Ndi wodwala wojambulidwa pa kompyuta, wopangidwa ndi kampani ya Shadow Health ya ku Gainesville, ku Florida m'dziko la America, yomwe kampani yosindikiza mabuku ya Elsevier inaigula mu 2020. Wophunzira amalemba funso kapena kulankhula pa maikolofoni, Tina n'kuyankha, ndipo pomaliza kompyuta imatulutsa malikisi: izi wafunsa, izi waiwala, apa unayenera kuonetsa chifundo koma wangodutsa.

Maphunziro oterewa amatchedwa virtual simulation. Ndi kuyeserera ntchito ya m'chipatala pa sikirini ya kompyuta, pa foni, kapena utavala magalasi aja otseka kumaso omwe amakuchititsa kuona ngati uli m'wodi. Munthu angaganize kuti poti thupi ndi limodzi dziko lonse, pulogalamu imodzi ikwanira aliyense. Za thupizo n'zoona, mtima wa munthu wa ku Seoul umapopa magazi chimodzimodzi ndi wa munthu wa ku Mzimba. Koma unamwino suthera pa thupi. Muli kupereka moni, kufunsa zinthu zochititsa manyazi, kuuza achibale nkhani yowawa, kubweza dokotala akalakwitsa. Zonsezi pulogalamu imazipatsa malikisi, ndipo amene analemba yankho loti ndiye lolondola anakulira kwinakwake, n'kuphunzira ntchito m'chipatala cha kwawoko.

Kuyeserera pa zidole si kwa lero. Mu 1911 mayi wina wopanga zidole za ana, Martha Chase, anakonzera sukulu ya anamwino ya pa Hartford Hospital ku America chidole chachikulu ngati munthu, choti ophunzira azisambitsa, kuveka ndi kutembenuza. Mu 1960 wopanga zidole winanso, Asmund Laerdal wa ku Stavanger m'dziko la Norway, anatulutsa Resusci Anne, chidole chophunzirirapo kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma. Zidole za masiku ano zimaphethira, kubuula ngakhale kutuluka thukuta, koma mtengo wake ndi wosayamba. Wodwala wa pa sikirini safuna chipinda, sathyoka, ndipo kalasi yonse ingathe kumusamalira nthawi imodzi, aliyense ali pabedi lake ku hositelo. Ukamupha ndi mankhwala olakwika, umangodina batani n'kuyambiranso.

Mu 2014 bungwe la makhonsolo a anamwino ku America, NCSBN, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'sukulu 10, momwe ophunzira 666 anafika kumapeto. Ena anachita pafupifupi pulakitiko yawo yonse m'chipatala, ena anachotsako kotala la maola n'kuika kuyeserera, ena theka. Pa mayeso a layisensi komanso pa miyezi yoyambirira ya ntchito, magulu atatuwa sanasiyane kwenikweni. Kenako mu 2020 kunagwa Covid-19. Zipatala zambiri zinaletsa ophunzira kulowa m'mawodi, sukulu zinathamangira ku mapulogalamu, ndipo mliri utadutsa zinthu sizinabwererenso mwakale. Ku Britain, khonsolo ya anamwino ndi azamba, Nursing and Midwifery Council, tsopano imalola kuti mwa maola 2,300 a pulakitiko, mpaka 600 akhale oyeserera.

Wodi ya eni ake

Kusiyana kwina kumaoneka ukangotsegula pulogalamu. Tengani vSim for Nursing, yomwe makampani a Laerdal ndi Wolters Kluwer pamodzi ndi bungwe la National League for Nursing anatulutsa mu 2014. Mankhwala a ku America amalembedwa kuti acetaminophen, albuterol, epinephrine, pamene namwino wa ku Zomba, ku Ndola kapena ku Leeds amawadziwa kuti paracetamol, salbutamol ndi adrenaline. Shuga kumeneko amamuyeza mu mg/dL, pamene ku Britain, ku Norway ndi ku South Africa amagwiritsa ntchito mmol/L. Wodwala amakhala yekha m'chipinda, makina olondola mtima ali kumutu, pampu ya diripi ili pambali, zotsatira za ku labu zikubwera ukangodina. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wa ophunzira 65 a chaka chachiwiri ku Norway omwe anayesa pulogalamu imeneyi. Ambiri anati ndi yothandiza, koma ena ochepa anavutika kuimvetsa ndi kuyendamo chifukwa ndi yachimereka. Awatu ndi ana a dziko lolemera, omwe Chingerezi sichiwavuta kwenikweni, ndipo Laerdalyo ndi kampani ya kwawo komweko.

Komabe izi ndi zapamwamba. Dzina la mankhwala munthu angalisinthe masana amodzi. Zovuta zili m'kati, momwe pulogalamu imaweruzira khalidwe la namwino.

Funso la ululu likuonetsa bwino. Pulogalamu imafuna ufunse kuti, pa mlingo wa 0 mpaka 10, ululu wanu uli pati? Wodwala wa pa sikirini amayankha msangamsanga kuti 7, iwe n'kulemba, n'kulandira malikisi. Ndiye pita nalo funsoli kwa agogo aamuna amene agonekedwa m'wodi ya pachipatala cha boma. Amakuyang'ana, n'kunena kuti, "Bolako lero, mwanangu," chonsecho dzanja lagwira chitsulo cha bedi mwamphamvu, thukuta lili kamukamu pamphumi. Mwamuna salira, ndipo safuna kuvutitsa anesi. Mayi wa pabedi lina sangakupatse nambala, angokuuza kuti m'mimba mukupota, mutu ukung'amba, thupi lonse laphwanya, china chake chikuyendayenda m'mwendo. Namwino wodziwa ntchito amamva zonsezo n'kudziwa pogwira. Wophunzira amene wazolowera wodwala woyankha molunjika amaphunzira kukhulupirira mawu n'kusiya kuwerenga nkhope.

Moni nawonso. Pulogalamu imapereka malikisi ukafunsa dzina ndi tsiku lobadwa pofuna kutsimikiza kuti wodwala ndi yemweyo, lamulo labwino ndithu. Koma agogo ambiri akumudzi tsiku lenileni lobadwa salidziwa, ndipo kuitana munthu wamkulu ndi dzina lake loyamba, monga amachitira anamwino ambiri a ku America, kwathu kuno n'kusowa mwambo. Kuyang'ana munthu m'maso, komwe mabuku a Azungu amati ndi chizindikiro choti ukumvetsera, ku Japan, ku Korea ngakhale kuno kungaoneke ngati chipongwe ukamachitira wamkulu.

Nkhani ya achibale ndiye yolemera kuposa zonsezi. Ku America chinsinsi cha wodwala chimatetezedwa ndi lamulo la HIPAA la 1996, ndipo wophunzira amazolowera kuti asanakambe za matenda, ayambe waona ngati wodwala akufuna kuti alendo atuluke. M'zipatala za ku Malawi amene wakhala pambali pa bedi si mlendo. Ndi gadiyani, amene amaphika, kudyetsa, kusambitsa, kutembenuza wodwala ndi kuthamangira ku ofesi ya anesi diripi ikatha. Nthawi zambiri ndi iye amene amadziwa kuti matenda anayamba liti ndipo kunyumba wodwala anamwa chiyani. Ku China ndi ku Japan kwakhala chizolowezi choti nkhani ya khansa iyambe yafika kwa banja, banjalo n'kuona momwe angamuuzire mwini wake. Njira yachimereka youza wodwala mwachindunji imaoneka ngati ndi yachikhalire, koma si yakale. Kafukufuku wa mu 1961 anapeza kuti madokotala 90 pa 100 alionse omwe anafunsidwa kumeneko sankakonda kuuza wodwala kuti ali ndi khansa. Pofika 1979, mafunso omwewo atafunsidwanso, 97 pa 100 anati amamuuza. Chikhalidwe cha chipatala chinatembenuka m'zaka 18 zokha.

Sindikunena kuti chinsinsi n'cha Azungu. Mtsikana amene wabwera ndi azakhali ake sanganene zoona zake za mimba kapena za HIV azakhaliwo ali pomwepo, ndipo ali ndi ufulu womvedwa payekha. Luso lomwe wophunzira wa kwathu akufunika ndi lotulutsa azakhaliwo mosawanyoza, kuwauza kuti, "Amayi, tabakhalani panja pang'ono ndimupime, ndikuitanani," kenako n'kuwaitanadi. Pulogalamu ili ndi batani lotseka katani basi.

Kubweza dokotala

Mapulogalamu ambiri amaphunzitsa SBAR, njira yoperekera lipoti mwachidule: vuto ndi ili, mbiri yake ndi iyi, ine ndikuona chonchi, ndikupempha kuti tichite chakuti. Gawo lomalizali limafuna kuti namwino auze dokotala zoyenera kuchita. Palinso mawu omwe ndondomeko ya TeamSTEPPS, yomwe boma la America linatulutsa mu 2006, imaphunzitsa kuti wamng'ono aziwanena akaona ngozi: ndili ndi nkhawa, mtima wanga sukuvomera, apa moyo wa wodwala uli pachiswe. Akanyalanyazidwa abwerezenso, akakanidwanso apite kwa wamkulu wina.

Kwa munthu amene analeredwa ndi mawu oti wamkulu salakwa, izi n'zolemera pakamwa. Apa ine ndili kumbali ya pulogalamu: mlingo wolakwika wa mankhwala umapha mwana posatengera kuti analemba ndani, ndipo ulemu wongoyang'ana suthandiza. Koma kudina batani loti "tsutsa dokotala" uli wekha m'chipinda si kulimba mtima. Chomwe wophunzira akusowa ndi mawu oti angathedi kuwatulutsa pamaso pa adokotala ndi asisitala nthawi ya raundi, monga akuti, "Pepani adokotala, mungaonenso mlingowu? Ine ndawerengera ndi sikelo ya mwanayu ndapeza zosiyana." Uthenga wafika, munthu sanachititsidwe manyazi. Pulogalamu yomwe imafuna mawu ake enieni ikhoza kuona yankho lotere ngati lofooka. Ndiye palinso zipatala zing'onozing'ono zakumidzi komwe usiku namwino amakhala yekha, dokotala kulibe, ambulansi ili kutali. Kumeneko yankho loti "itana dokotala" silimaliza nkhani.

Za khungu n'zodziwika, koma zimapha. Mabuku ambiri amati wosowa mpweya amachita buluu ndipo malo otupa amafiira. Pa khungu lakuda namwino amayang'ana m'kati mwa milomo, lilime, m'zikope ndi m'manja. Malone Mukwende, wobadwira ku Zimbabwe, ali wophunzira udokotala pa St George's ku London, anatulutsa mu 2020 kabuku koonetsa zizindikiro za matenda pa khungu lakuda chifukwa m'kalasi sankaziona. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku University of Michigan anapeza kuti kachida kopanira chala koyezera okisijeni kamaphonya kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Wodwala wa pa kompyuta angapakidwe mtundu uliwonse, koma ngati nambala ya pa makina ake imakhala yoona nthawi zonse, wophunzira saphunzira kukayikira makinawo.

Kalasi ikangoti zii

Akatswiri a maphunziro oyeserera amagwirizana pa chinthu chimodzi: kuphunzira kwenikweni kumachitika pa zokambirana za pambuyo pake, zomwe amazitcha debriefing. Ophunzira amakhala pansi ndi mphunzitsi n'kuunika zomwe zachitika. Njira yotchuka kwambiri inafotokozedwa mu 2006 ndi Jenny Rudolph ndi anzake a ku Center for Medical Simulation ku Massachusetts. Mphunzitsi amanena zomwe waona, n'kunena maganizo ake, kenako n'kufunsa mofunadi kudziwa: "Ndinaona kuti BP itatsika sunaitane aliyense. Ine zinandidetsa nkhawa. Unkaganiza chiyani nthawi imeneyo?" Wophunzira akuyembekezeka kufotokoza momasuka, kuvomera kuti anasokonezeka, ngakhale kutsutsa mphunzitsiyo.

Njira imeneyi imadalira wophunzira amene anazolowera kuyambira ku pulayimale kuti kulankhula m'kalasi n'chinthu chabwino. Kwa amene anakulira m'kalasi momwe mphunzitsi amalankhula ana n'kumalemba, funso loti "unkaganiza chiyani" limamveka ngati chiyambi cha mlandu. Amawerama, kalasi yonse zii. Anzake nawonso safuna kunena pomwe walakwitsa, chifukwa kumuyalutsa mnzako pagulu n'kulakwa kwakukulu kuposa kuiwala kuyeza BP. Mphunzitsi wochokera kunja amaona ngati ana sanamve kapena alibe chidwi, pamene iwo akusunga ulemu.

Mu 2013 ofufuza atatu, Hyun Soo Chung wa ku South Korea, Peter Dieckmann wogwira ntchito ku Denmark ndi Barry Issenberg wa ku Miami, analemba kuti njira zokambiranazi zinabadwira m'mayiko a Azungu ndipo nthawi yakwana yoganizira zikhalidwe zina. Mu 2018 kafukufuku wa aphunzitsi a m'mayiko oposa 20 anaonetsa momwe kusiyanaku kumaonekera. Komwe mpata wa pakati pa wamkulu ndi wamng'ono ndi waukulu, mphunzitsi ndiye amalankhula kwambiri, mafunso ake amakhala olondolera ku yankho lomwe akufuna, ndipo nkhani imakhazikika pa mankhwala ndi ndondomeko. Nkhani zoti bwanji sunapemphe thandizo, bwanji sunalankhule utaona cholakwika, zimavuta kuzikhudza. Zomwe zikuzembedwazo n'zomwe kuyeserera kumayenera kuphunzitsa.

Ofufuzawa anagwiritsa ntchito mlingo wa Geert Hofstede wa ku Netherlands, woyeza momwe anthu amavomerezera kuti ena ali pamwamba ena pansi. Pa mlingowo, momwe nambala yaikulu imasonyeza mpata waukulu, Denmark ili pa 18, Norway 31, America 40, South Korea 60, China 80, Philippines 94. Manambalawa ndi othandiza poyambira, koma asatengedwe ngati malemba oyera. Ambiri mwa iwo anachokera ku mafunso omwe ogwira ntchito ku kampani ya IBM anayankha pakati pa 1967 ndi 1973, ndipo amafotokoza dziko lonse ndi nambala imodzi. M'kalasi imodzi ya ku Lilongwe muli mwana wa ku Area 47 wophunzira ku sukulu yolipira, muli wina wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi, ndipo awiriwa sayankha mphunzitsi mofanana.

Apa kompyuta ili ndi mbali yake yabwino yomwe anthu saiyembekezera. Wophunzira wamanyazi, amene pamaso pa anzake manja amanjenjemera, pa sikirini amalakwitsa popanda womuona. Angabwereze kasanu, nkhope yake isanagwe. Angalembe funso pa chati lomwe sakanalifunsa ndi pakamwa. Koma mbali inayo ndi yakuti mapulogalamu ambiri amathera pa lipoti la malikisi, ndipo sukulu yopanikizika ndi kuchepa kwa aphunzitsi imayesedwa kungosiyira pomwepo. Zikatero palibe amene angauze wophunzira kuti apa pulogalamu yakuchotsera malikisi chifukwa walakwadi, koma apa yakuchotsera chifukwa kwawo amachita mosiyana. Iye amangoona 62 peresenti n'kuganiza kuti ndi mbuli. Aphunzitsi ena amazungulira vutoli poyamba ndi timagulu ta anthu atatu kapena anayi opanda mphunzitsi, kapena kulola aliyense alembe kaye maganizo ake, kapena kukambirana m'chinenero chomwe anawo amaganiziramo ngakhale pulogalamu ili m'Chingerezi. Kunena poyambirira kuti zolakwa za muno sizilowa m'mayeso, n'kusungadi lonjezolo, kumamasula pakamwa kuposa funso lililonse lanzeru.

Pali msampha wina kwa ofuna kukonza zinthu. Akamva kuti chikhalidwe n'chofunika, amapanga wodwala wa Chisilamu amene amakana chilichonse, wa ku Africa amene wabwera ndi zithumwa, wa ku Asia amene salankhula. Mu 2017 kampani yosindikiza mabuku ya Pearson inapepesa n'kuchotsa gawo la buku lake la anamwino lomwe linkandandalika momwe Ayuda, Aluya, anthu akuda ndi mitundu ina amati imachitira ikamva ululu. Zoterezi zikalowa m'pulogalamu zimaipiratu, chifukwa wophunzira amalandira malikisi poganizira munthu zinthu asanamufunse. Agogo ogwira chitsulo cha bedi aja si onse. Alipo ena amene amakuwa wodi yonse n'kumva.

Zomwe zayenda bwino zinayambira kumbali inayo, pa zomwe zili patebulo la mzamba. Helping Babies Breathe, maphunziro othandiza khanda kupuma m'mphindi yoyamba, anayamba mu 2010 ndipo amagwiritsa ntchito NeoNatalie, kachidole kothira madzi kuti kalemere ngati mwana, pamodzi ndi kachikwama kopopera mpweya ndi manja. Azamba ambiri a ku Malawi amakadziwa kachidole kameneka. M'zipatala 8 za ku Tanzania, imfa za makanda m'maola 24 oyamba zinatsika ndi 47 peresenti maphunzirowa atakhazikitsidwa, malinga ndi zotsatira zomwe zinatuluka mu 2013. Maphunziro omwewa anaikidwanso pa foni ndi magalasi otsika mtengo n'kuyesedwa ndi anamwino ndi azamba a ku Nigeria ndi ku Kenya. Pulogalamu ya LIFE, yophunzitsa kuthandiza makanda pa nthawi ya ngozi, yomwe University of Oxford inapanga ndi KEMRI-Wellcome Trust ya ku Kenya, imayenda pa mafoni wamba ndipo imatsata ndondomeko zomwe ogwira ntchito m'zipatala za ku Kenya amaphunzitsidwa kale. Nkhani ya wodwala ikalembedwa ndi anthu amene anagwirapo naiti m'wodi yoteroyo, zida zake, mankhwala ake ndi anthu ozungulira bedi zimakhala zomwe wophunzira akazipezedi.

Pulogalamu yakunja ili ndi ntchito yake kwa amene akupita kunjako. Namwino wa ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe wofuna kugwira ntchito ku Britain amayenera kukhoza mayeso a OSCE a Nursing and Midwifery Council, momwe amamuonerera akudzitchula dzina, akupempha chilolezo asanagwire wodwala, akutsimikiza kuti wodwala ndi yemweyo ndi kufotokoza chilichonse chomwe akuchita. Anamwino a zaka zambiri pantchito amatha kugwa pa zimenezi, osati chifukwa sadziwa kubaya jakisoni. Kwa iwo kuyeserera kwa Chingerezi n'koyenera, ndipo amalowamo akudziwa kuti akuphunzira machitidwe a kwa eni. Wophunzira wa chaka chachiwiri amene wapatsidwa pulogalamu yomweyo popanda womufotokozera sadziwa zimenezo.

Makhonsolo a anamwino m'mayiko ambiri, omwe ophunzira awo amapanikizana pa wodwala mmodzi m'wodi, amakopeka ndi nambala ya theka la maola ija ya mu 2014. Akamaibwereka ayenera kuwerenganso zomwe zinali pansi pake. Kuyeserera kwa m'kafukufuku uja kwakukulu kunali kwa pamaso ndi pamaso, pa zidole ndi pa anthu oyerekezera kudwala, osati wophunzira ali yekha ndi foni. Aphunzitsi anachita kuphunzitsidwa mwapadera, ndipo gawo lililonse linkatsatiridwa ndi zokambirana zokonzedwa bwino. Ophunzirawo, nkhani za odwala, mayeso a layisensi ndi zipatala zomwe anakagwirako ntchito, zonse zinali za dziko limodzi.